MAYI MIRIAM MAKEBA: MAYI WA AFRICA AMENE ANALI NDI MWANA MMODZI YEKHA

Amayi anzathu, ambiri mwa ife tinakula tikumva nyimbo ya Pata Pata pa wailesi, ndipo ena tinaivinapo pa ukwati osadziwa n'komwe mwini wake. Mwini nyimboyo anali Mayi Miriam Makeba a ku South Africa, amene anthu a m'maiko ambiri ankawatchula kuti Mama Africa. Mayi amenewa anaimbira mafumu ndi atsogoleri a maiko, analandira mphoto zikuluzikulu, ndipo anayankhulapo ku bungwe la United Nations. Koma mayi amene ankatchedwa mayi wa Africa yense anabereka mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo anamuika m'manda kudziko la eni. Ngakhale maliro a mayi awo owabereka sanawaone. M'nkhani ino tiona moyo wawo monga mwana wamkazi, monga mayi ndiponso monga agogo, ndi mmene anafikira podzilandira monga mmene analili.

KUBADWA NDI UBWANA

Zenzile Miriam Makeba anabadwa pa 4 Malichi 1932 ku Prospect Township mumzinda wa Johannesburg, ku Joni komwe abambo ndi agogo athu ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi. Bambo ake, a Caswell Makeba, anali a mtundu wa Axhosa, ndipo mayi ake, a Christina, anali a mtundu wa Aswazi. Mayi Christina anali atachenjezedwa kale kuti akatenganso pakati akhoza kutaya moyo. Pochira anavutika kwambiri, kotero kuti anthu sankayembekeza kuti mayi kapena mwana akhala moyo. Dzina loti Zenzile linachokera pamenepo, pakuti limatanthauza munthu amene wadziputira yekha mavuto. Ndi mawu amene agogo a mwanayo ankawanenera Mayi Christina pa nthawi yochirayo.

Khandalo litangotha masiku 18, apolisi anagwira Mayi Christina chifukwa chofulula ndi kugulitsa mowa wa masese, umene kumeneko amautcha umqombothi. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola anthu akuda kuchita zimenezi, ngakhale kuti kwa amayi ambiri a m'matauni inali njira yokhayo yopezera ufa. Banjalo linalibe ndalama zolipirira chindapusa, choncho mayi analowa m'ndende miyezi 6 ali ndi khanda kumsana. Miyezi yoyamba ya moyo wa Miriam inathera m'ndende.

Miriam ali ndi zaka 6, bambo ake anamwalira. Mayi Christina anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Johannesburg. Wantchito wa m'nyumba ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana, ndipo sankaloledwa kukhala ndi ana ake pamenepo. Motero Miriam anakakhala ndi agogo ake ku Riverside, kufupi ndi Pretoria, pakhomo podzaza ndi asuweni ndi abale ena. Mayi ake ankawaona mwa apo ndi apo. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa zomwezi zinadzachitikanso kawiri m'banja limeneli: mayi ali kutali kukasaka chakudya, mwana akuleredwa ndi agogo.

Anaphunzira zaka 8 pa sukulu ya Kilnerton ku Pretoria, sukulu ya mpingo wa Methodist, ndipo kumeneko ndiko anayamba kuimba m'kwaya. Ankaimbanso m'makwaya a kutchalitchi m'zinenero za Chixhosa, Chizulu, Chisotho ndi Chingerezi. Umphawi unamuchotsa pasukulu akadali wamng'ono, ndipo naye analowa ntchito ya mayi ake: kulera ana a eni ndi kuchapa zovala za eni. M'chaka cha 1948, ali ndi zaka 16, chipani cha National Party chinalowa m'boma ndipo chinayamba kukhazikitsa malamulo a tsankho otchedwa apartheid.

MAYI WA ZAKA 18

M'chaka cha 1949 Miriam anakwatiwa ali ndi zaka 17 ndi mnyamata wina amene ankaphunzira ntchito ya upolisi. Pa 20 Disembala 1950 anabereka mwana wamkazi, namutcha Sibongile, dzina lofanana ndi lathu loti Tathokoza. Pakhomo ankangomuitana kuti Bongi. Kuyambira pano tiwatchula kuti Mayi Makeba, pakuti tsopano ndi ntchembere.

Banja lija silinali la mtendere. Mwamunayo ankawamenya, ndipo nthawi yomweyo iwo anadwala matenda aakulu a bere. Patatha zaka ziwiri ukwati unatha, ndipo anabwerera kwa mayi awo ali ndi mwana m'manja. Nthawi imeneyo Mayi Christina anali atasiya ntchito ya m'nyumba n'kukhala sing'anga wa mizimu, amene kumeneko amamutcha sangoma.

Chuma chimene Mayi Makeba anali nacho chinali mawu awo basi. Anayamba kuimba ndi kagulu kotchedwa Cuban Brothers, kenako ali ndi zaka 21 anatengedwa ndi gulu lotchuka la Manhattan Brothers, momwe anali mkazi yekha. Ndi gulu limeneli anayenda m'mizinda ya South Africa, mpaka ku Rhodesia ndi ku Congo. M'chaka cha 1956 analowa gulu la akazi okhaokha la Skylarks, limene linajambula nyimbo zambiri ku kampani ya Gallotone. Mbale za nyimbo zinkagulidwa kwambiri, nkhope yawo inatuluka pa chikuto cha magazini ya Drum, koma iwo sankalandira gawo la ndalama zogulitsira nyimbo za Skylarks. Dzina linakula msanga kuposa thumba.

Nthawi yonseyi Bongi anali kwa agogo ake, Mayi Christina. Mwana amene analeredwa ndi agogo chifukwa mayi ake anali kukhitchini kwa azungu, tsopano naye anasiyira agogo mwana wake chifukwa cha maulendo a zoimba. Sitikuganiza kuti panali njira ina yapafupi. Akanakhala pakhomo, chakudya chikanasowa. Atachoka, mwana anasowa mayi. Ambiri mwa ife tikuidziwa mphambano imeneyi, kaya chifukwa cha ntchito ya m'tauni, kaya geni ya kumalire, kaya ulendo wa ku Joni.

ULENDO WOSABWERERA

Chaka cha 1959 ndicho chinasintha zonse. Mu Febuluwale chaka chimenecho, sewero la nyimbo lotchedwa King Kong linayamba kuonetsedwa ku Johannesburg, ndipo Mayi Makeba ndiwo anali mkazi wotsogolera m'sewerolo. Chaka chomwecho anaoneka kwa mphindi zochepa akuimba nyimbo ziwiri m'kanema wotchedwa Come Back, Africa, amene mzungu wa ku America, Lionel Rogosin, anajambula mobisa pofuna kuonetsa dziko lapansi nkhanza za tsankho. Kanemayo anakaonetsedwa ku Venice m'dziko la Italy, ndipo Mayi Makeba anaitanidwa kumeneko. Anachoka kwawo ali ndi zaka 27, atasiya Bongi wa zaka 8 m'manja mwa agogo ake, akuganiza kuti ndi ulendo wa kanthawi.

Kuchokera ku Venice anapita ku London, komwe anakumana ndi woimba wotchuka Harry Belafonte. Bambo ameneyu anawathandiza kulowa m'dziko la America ndipo anakhala mlangizi wawo pa zoimba kwa zaka zingapo. Mu Novembala 1959 anaimba pa wailesi ya kanema m'pologalamu ya Steve Allen, ndipo anthu mamiliyoni anawaona usiku umodzi. Mtsikana amene ankachapa matewera a ana a eni anasanduka munthu amene nyuzipepala za ku New York zinkalemba za iye.

Pa 21 Malichi 1960 apolisi anawombera anthu amene ankachita chionetsero chokana zitupa ku Sharpeville, ndipo anapha anthu 69. Awiri mwa ophedwawo anali abale a Mayi Makeba. Chaka chomwecho uthenga unafika ku New York woti Mayi Christina amwalira. Atafuna kupita kumaliro, anapeza kuti boma la South Africa lathetsa pasipoti yawo. Tonse tikudziwa kulemera kwa maliro a mayi, ndi mmene mwana wamkazi amayembekezeredwa kukhala m'siwa pamodzi ndi amayi anzake. Mayi Makeba analira mayi awo ali tsidya la nyanja, osaona nkhope, osaponya dothi. Kwathu kuno munthu wokhalitsa kunja osabwerera timati watchona, ndipo kawirikawiri timamuimba mlandu. Iwo sanatchone mwa kufuna kwawo. Anatsekeredwa kunja kwa zaka 31.

Chitonthozo chawo chaka chimenecho chinali chakuti mu Ogasiti 1960 Bongi, ali ndi zaka 9, anafika ku America. Kwa nthawi yoyamba mayi ndi mwana anayamba kukhala nyumba imodzi popanda agogo pakati pawo.

NKHOPE YAWO, TSITSI LAWO, CHINENERO CHAWO

Masiku amenewo mkazi wakuda wofuna kuima pa nsanja ankayembekezeredwa kuwongola tsitsi ndi chipeso chamoto kapena kuvala wigi, ndi kudzola zoyeretsa nkhope. Ku South Africa mafuta oyeretsa khungu ankatsatsidwa m'magazini amene anthu akuda ankawerenga, ndipo uthenga wake unali woti woyera ndiye wokongola. Mayi Makeba anakana kutsatsa mafuta amenewo. Ku America anaimba ndi tsitsi lawo lachibadwa, lalifupi, losawongola, ndipo kawirikawiri sankadzola zopakapaka kumaso. Patapita zaka zochepa akazi ambiri akuda a ku America anayamba kusunga tsitsi lachibadwa, ndipo olemba mbiri amawatchula Mayi Makeba pakati pa amene anatsegula njira imeneyo.

Chimodzimodzinso ndi chinenero. Akanatha kuimba m'Chingerezi chokha kuti asavutitse makutu a azungu, koma anapitiriza kuimba m'Chixhosa, m'Chizulu, m'Chisotho ndi m'Chiswahili. Nyimbo ina ya pa ukwati ya Axhosa, yotchedwa Qongqothwane, azungu analephera kutchula dzina lake chifukwa cha malilime othetheka a m'chinenerocho, mpaka anangoipatsa dzina lawo loti The Click Song. Mayi Makeba ankawafotokozera omvera awo nkhani imeneyi mwanthabwala asanayambe kuimba, ndipo chimene ena akanachita nacho manyazi iwo anachisandutsa chonyadira. Munthu amene analandidwa dziko anatsala ndi zinthu zimene boma silikanatha kulanda, ndizo khungu lake, tsitsi lake ndi chinenero cha makolo ake, ndipo anazigwiritsitsa.

PAMWAMBA PENIPENI

Mu Meyi 1962 anaimba pa chikondwerero cha tsiku lobadwa la Pulezidenti John F. Kennedy ku Madison Square Garden. M'chaka cha 1963 anaitanidwa ndi Mfumu Haile Selassie kukaimba ku Addis Ababa pa msonkhano wokhazikitsa bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa, la OAU. Chaka chomwecho anaima pamaso pa komiti ya United Nations yoona za tsankho, nafotokoza za moyo wa anthu akuda kwawo, ndipo anapempha maiko kuti asiye kuchita malonda ndi boma la South Africa ndi kuligulitsa zida. Boma lija linabwezera powalanda unzika ndi kuletsa nyimbo zawo m'dzikomo. Maiko ena monga Guinea, Algeria, Ghana ndi Belgium anawapatsa mapasipoti, ndipo pa moyo wawo wonse anakhalapo ndi mapasipoti 9. Iwo eni ankanena kawirikawiri kuti sanali andale, ankangoimba ndi kunena zoona za moyo umene anakulira.

M'chaka cha 1966 analandira mphoto ya Grammy pamodzi ndi Harry Belafonte chifukwa cha chimbale chawo cha An Evening with Belafonte/Makeba. M'chaka cha 1967 nyimbo ya Pata Pata, imene anali ataimba kale kwawo m'zaka za m'ma 1950, inatulutsidwa ku America ndipo inafika pa nambala 12 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri.

Koma kuseri kwa nsanja zinthu sizinali choncho. M'zaka zomwezo anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo madokotala anachotsa chiberekero kuti apulumutse moyo wawo. Kuyambira pamenepo anadziwa kuti Bongi adzakhala mwana wawo yekhayo. Ukwati wawo ndi woimba lipenga Hugh Masekela unatha patapita zaka zochepa, ngakhale kuti awiriwa anakhalabe pa ubwenzi ndi kuimbira limodzi mpaka kuukalamba. Ndipo ntchito inkawatengabe ulendo ndi ulendo, Bongi akutsala m'manja mwa anzawo.

M'chaka cha 1968 anakwatiwa ndi Stokely Carmichael, mnyamata womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, amene boma la dzikolo ndi azungu ambiri ankamuona ngati woopsa. Mwadzidzidzi makonsati amene anali atakonzedwa kale anathetsedwa, mapangano ojambula nyimbo anafafanizidwa, ndipo akazitape a boma anayamba kuwalondalonda. Mawu awo anali omwewo, nyimbo zinali zomwezo, koma amene ankawaombera m'manja chaka chapitacho anawafulatira. Anaona ndi maso awo kuti kutchuka ndi katundu wobwereka, mwini wake akhoza kudzatenga tsiku lililonse.

KU GUINEA

Banjalo linasamukira ku Guinea, kumadzulo kwa Africa, komwe Pulezidenti Sékou Touré anawalandira ndi kuwapatsa malo. Anakhala kumeneko zaka pafupifupi 15. Anapitiriza kuimba mu Africa ndi ku Ulaya. Anaimba ku Kinshasa mu 1974 pa chikondwerero cha nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman, ndiponso ku Lagos mu 1977 pa chikondwerero cha FESTAC. Dziko la Guinea linawatumanso ngati nthumwi yake ku United Nations mu 1975. Tiyenera kunenanso kuti ulamuliro wa Sékou Touré unatsekera ndi kupha anthu ambiri amene ankaganiziridwa kuti akutsutsa boma, ndipo anthu ena anawadzudzula Mayi Makeba chifukwa chokhala pafupi ndi mtsogoleri wotero. Munthu wopanda kwawo amavutika kudzudzula mwini nyumba imene yamusunga, komabe chidzudzulo chimenecho chili mbali ya mbiri yawo. Ukwati wawo ndi Carmichael unatha mu 1978, ndipo mu 1981 anakwatiwa ndi Bageot Bah, nzika ya Guinea. Onse pamodzi anakwatiwa kasanu.

BONGI

Bongi anakula ndi mphatso ya mayi ake. Ankaimba, ndipo koposa apo ankapeka nyimbo. Iye ndiye anapeka nyimbo ya A Luta Continua, yolemekeza anthu a ku Mozambique amene analandira ufulu wawo pa 25 Juni 1975, ndipo mayi ake anaimba nyimboyo m'maiko ambiri. Anatulutsanso chimbale chakechake mu 1980. Anakwatiwa akadali wamng'ono ndi Nelson Lee wa ku America, nabereka mwana wamwamuna, Nelson Lumumba, mu 1968, ndi wamkazi, Zenzi, mu 1971. Ukwatiwo utatha anatsatira mayi ake ku Guinea. Kumeneko mwana wake wina wamwamuna, Themba, anamwalira akadali wamng'ono.

Taganizirani moyo wa mtsikana ameneyu. Anachotsedwa m'manja mwa agogo amene anamulera, anafika m'dziko la chinenero china ndi nyengo ina, mayi ake ali munthu wa dziko lonse amene aliyense ankafuna kachigawo kake. Kenako anasamukanso kupita kudziko lachitatu, lolankhula Chifalansa. Kwawo kwenikweni sakanatha kubwerera. M'zaka zake zomaliza Bongi ankavutika maganizo, ndipo pakati pa iye ndi mayi ake pankakhala kusamvana nthawi zina, monga zimakhalira pakati pa mayi ndi mwana amene amakondana koma anasowana pa nthawi yofunika.

Pa 17 Malichi 1985 Bongi anamwalira ku Conakry chifukwa cha zovuta za uchembere, ndipo khanda limene ankayembekezera nalonso silinakhale moyo. Anali ndi zaka 34. Anaikidwa m'manda ku Guinea komweko, kutali ndi manda a agogo ake. Mayi Makeba, ali ndi zaka 53, anatsala opanda mwana, opanda dziko, ndipo Sékou Touré amene ankawateteza anali atamwalira chaka chapitacho. Anatsala ndi adzukulu awiri oti awasamale.

AGOGO

Apa mbiri ija inabwerezanso kachitatu, koma tsopano Mayi Makeba ndiwo anali agogo olandira ana. Anachoka ku Guinea n'kukakhala ku Brussels m'dziko la Belgium, ndipo udindo wa Nelson Lumumba ndi Zenzi unakhala pa mapewa awo. Anabwerera ku nsanja chifukwa kunali koyenera kudyetsa ana. Mu 1987 anayenda ndi Paul Simon ndi Hugh Masekela pa ulendo wa zoimba wa Graceland, umene unafika ku Harare m'dziko la Zimbabwe mu Febuluwale chaka chimenecho. Ena anawadzudzula kuti ulendowo ukuphwanya lamulo losala South Africa pa zachikhalidwe, koma ulendowo unawabwezeranso pamaso pa dziko lapansi.

Zinthu ziwiri zimene anachita pambuyo pa imfa ya Bongi zikutionetsa mmene mtima wawo unayendera. Choyamba, anafotokoza mbiri ya moyo wawo m'buku lotchedwa Makeba: My Story, limene analemba mothandizana ndi James Hall. Anthu otchuka ambiri polemba za iwo eni amasesa pabwalo n'kubisa zinyalala kuseri. Mayi Makeba analemba za kumenyedwa m'banja, za matenda, za maukwati amene anatha, ndi za mavuto a Bongi. Sanabise kuti ntchito inkawachotsa pakhomo mwana akuwafuna, ndipo anaonanso kuti moyo wokhala kunja mokakamizidwa ndiwo unavulaza kwambiri mtima wa mwana wawo. Sanadzionetse ngati mayi wangwiro, komanso sanasenze okha mlandu wa malamulo amene anabalalitsa banja lawo.

Chachiwiri, mu 1988 anatulutsa chimbale chotchedwa Sangoma, cha nyimbo za makolo zimene anaphunzira ali mwana kwa mayi awo ndi akuluakulu a pakhomo. Mwana wa sukulu ya mishoni, amene anaimba m'makwaya a tchalitchi, sanachite manyazi kutchula poyera ntchito ya mayi amene anamubereka. Paja akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Maliro amene sanathe kukhala nawo mu 1960 anawalira mwa njira imeneyi patapita zaka 28.

KUBWERERA KWAWO

Pa 11 Juni 1988 anaimba ku Wembley, ku London, pa konsati yaikulu yofuna kuti Nelson Mandela amasulidwe. Bambo Mandela anatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, ndipo anawalimbikitsa Mayi Makeba kuti abwerere kwawo. Anatera ku Johannesburg pa 10 Juni 1990, ali ndi pasipoti ya dziko la France. Anachoka ali mayi wa zaka 27, anabwerera ali agogo a zaka 58. Atafika anapita kukaona manda a mayi awo.

Mu 1992 anasewera m'kanema wa Sarafina! monga mayi wa mtsikana Sarafina, mayi wogwira ntchito m'nyumba ya azungu amene ana ake akukula kutali naye. Imeneyo inali ntchito ya Mayi Christina, ndiponso yawo ali mtsikana, kotero sanafunike wowaphunzitsa. Mu 1999 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linawasankha kukhala kazembe wake wa mafuno abwino. Mu 2002 analandira mphoto ya Polar Music Prize ku Sweden. Anakhazikitsanso nyumba yosamalira atsikana ozunzidwa ndi osowa pokhala ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Adzukulu aja anakula n'kulowa m'gulu lawo loimba, Zenzi akuimba pambuyo pa agogo ake, Nelson Lumumba akuliza zida. Nthawi imeneyi ana sanatsalenso kunyumba, anayenda nawo.

Mu 2005 analengeza kuti akupuma, nayamba ulendo wotsanzika, koma anapitirizabe kuimba ngakhale nyamakazi inkawavutitsa. Pa 9 Novembala 2008 anali ku Castel Volturno, kufupi ndi Naples m'dziko la Italy, pa konsati yothandiza wolemba mabuku Roberto Saviano amene ankaopsezedwa ndi gulu la zigawenga la Camorra. M'tauni yomweyo zigawengazo zinali zitapha anthu 6 ochokera ku Africa miyezi iwiri m'mbuyomo. Atamaliza kuimba Pata Pata anagwa ndi matenda a mtima, ndipo anamwalira kuchipatala usiku womwewo. Anali ndi zaka 76.

ZOTI TIKAMBIRANE M'MAGULU ATHU

Amayi anzathu, palibe mwa ife amene adzaimbe ku Madison Square Garden, koma zimene zinachitika m'banja la Makeba zili m'makomo mwathu. M'magulu athu muli agogo amene akulera adzukulu chifukwa mayi wa anawo ali kuntchito kutali, kapena anatisiya. Mulinso amayi amene anasiya ana kumudzi ndipo usiku sagona, akudzifunsa ngati anachita bwino. Nthawi zambiri pakamwa pathu pamafulumira kuwaweruza amayi otere, osafunsa chimene chinawachotsa pakhomo. Mbiri ya Mayi Christina, Mayi Miriam ndi Bongi itithandize kuyamba tafunsa.

Itithandizenso kuyang'ana mwana amene watsala. Ndalama yotumizidwa imagula ufa ndi yunifolomu, koma Bongi anakulira pakati pa zinthu zabwino ndipo mtima wake unali wosakhazikika. Mwana wa mnzathu amene mayi ake ali kutali timudziwe ndi dzina, timufunse za kusukulu, ndipo agogo amene akumulera tisawasiye okha.

Tikumbukirenso ana athu aakazi amene masiku ano akugula mafuta oyeretsa khungu m'misika, ena mwa mafutawo owononga khungu lomwelo. Tiwauze za mayi amene anaima pamaso pa dziko lonse ndi khungu lake ndi tsitsi lake monga anabadwira, zaka zoposa 60 zapitazo, pa nthawi imene kuchita zimenezo kukanatha kumutayitsa ntchito. Koma tidziwe kuti mwana amaphunzira kudzilandira poona mayi ake ndi pomva mmene timanenera za nkhope za anzathu.

Pomaliza, kwa mayi amene anaika mwana wake m'manda ndipo mpaka lero akudziimba mlandu, Mayi Makeba anayenda njira yomweyo. Anavomera zimene analephera, anazinena poyera, ndipo anakhala zaka zina 23 akulera adzukulu awo ndi atsikana a eni. Pa msonkhano wathu wotsatira tiyeni tipatule nthawi yoti aliyense atchule amene anamulera, kaya ndi mayi, kaya agogo, kaya azakhali, ndi kutchulanso mwana mmodzi wa m'dera lathu amene akukula mayi ake ali kutali, kuti tione chimene gulu lathu lingamuchitire.